A Blasius Awiri

Mphekesera inayambira pamchenga wa Rivirivi, paja timafukula madzi m'chilimwe. Aliyense ankanong'ona, koma kunong'ona kwa azimayi a kwathu kumamveka mpaka tsidya. Ati ku positi ya ku Balaka kwafika kalata ya chidindo cha boma. Ati mnyamata mmodzi wa pasukulu yathu ya mishoni wasankhidwa kupita ku sekondale yaikulu ya boma, ija ili ku mapiri ozizira. Ati dzina lake Blasius Namaona.

Akafika pa dzinapo ankatseka pakamwa ndi nsalu, maso onse n'kutembenukira kwa ine.

Paja Blasius Namaona ndi achimwene anga. Ine ndine Martina, mlongo wawo, wa Sitandade 1. Ndinayamba sukulu mochedwa, musandiseke. Ndiye Rivirivi yense akudziwa kuti achimwene angawo sukulu anailekera Sitandade 2, chaka chimene abambo anapita ku Joni osabwerako. Anatola khasu, amalima thonje, ndipo m'chilimwe amakonza njinga pansi pa mtengo wa bwemba panjira ya ku Balaka. Mayeso a Sitandade 6 sanawaonepo ngakhale pepala lake.

Amene analemba mayesowo ndi Bakali.

Dikirani ndikuuzeni bwinobwino, chifukwa ena amaipotoza nkhaniyi. Bakali ndi mwana wa Che Sabiti a ku Chiuta, aja amabwera pa njinga ndi mitanga ya matemba ndi milamba yowamba kudzasinthitsa ndi chimanga. Iwo ndi abambo anali pa ubwenzi wakale. Kwawo kunyanjako sukulu kulibe, kuli madarasa a Chisilamu basi. Mwanayo mutu wake unali wakuthwa, koma pasukulu yathu makalasi a pamwamba ankafuna ana obatizidwa, ndipo Che Sabiti anati, “Wallahi, mwana wanga madzi a pamutu iyayi.” Ndiye aphunzitsi a Elliam anaona kuti m'kaundula muli dzina longokhala, mwini wake ali kumunda. Anakambirana ndi amayi, anakambirana ndi Che Sabiti, Bakali n'kukhala pa benchi ya achimwene. Sizachilendo ayi. Kwathu kuno dzina limabwerekedwa ngati mtondo. Ndikudziwa ana ena atatu amene akuyendera maina a eni, koma sindiwatchula, amayi awo ndi aukali.

Zaka zinayi Bakali ankagona kwathu. Kusukulu anali Blasius, akaponda pabwalo pathu anali Bakali. Amayi anasiya kuphika mbewa mu mphika waukulu chifukwa cha iye, ndipo nkhuku ankazinga ndi iyeyo, atayang'ana kumpoto. Achimwene ankamuseka kuti, “Iwe Mwalimu, dzina langa usalidetse ndi inki.” Iye ankayankha, “Likuwala kuposa muja munalisiyira, achimwene.” Ankakondana anthu awa, musamve zonena za anthu.

Tsiku la mphekeseralo ndinasiya mtsuko pamchenga pomwepo, liwiro mpaka pa bwemba.

“Achimwene! Mwapambana mayeso a boma!”

Anali atagadabuza njinga, akuwongola masipoko. Anaseka mpaka sipanala inagwa.

“Ndapambana ndili pansi pa bwemba? Ndine mfiti kodi? Pita ukatenge mtsuko wa amayi, kamwa iwe.”

Anasangalala ndithu tsiku limenelo. Anagula mpaka nzimbe ziwiri, imodzi anapatsa Bakali.

Zinaipa Lamulungu, titatuluka ku Misa. Aphunzitsi a Elliam anabwera kwathu ndi kalata ija kudzatiwerengera pakhonde. Inali ya masamba atatu, m'Chingerezi, ndiye ankawerenga mzere umodzi n'kutanthauzira. Ine ndinakhala pansi pafupi ndi miyendo yawo kuti mawu asandidutse.

“Sukuluyi si ya mishoni, ndi ya boma,” anatero aphunzitsi. “Mkatolika, wa Sikochi, Msilamu, onse amalowa.”

“Msilamu amalowa?” anafunsa Bakali.

“Amalowa. Lachisanu amawalola kukaswali.”

Bakali anayang'ana pansi. Ine ndinamva chimene anaganiza: kumeneko akanatha kukhala Bakali, likanakhala kuti dzina la pakalata ndi lake.

Aphunzitsi anapitiriza. Ati anyamata amapitirira mazana awiri, ochokera ku Port Herald mpaka ku Karonga. Nyumba zogona ndi za njerwa, aliyense bedi lake lachitsulo ndi mabulangete awiri chifukwa cha chisanu. Belu ndi limene limawadzutsa, kuwadyetsa ndi kuwatumiza kumunda wa sukulu. Kuli mpira, kuli kwaya, kulinso tsiku limene anyamata amatsutsana m'Chingerezi pamaso pa anzawo popanda womenya mnzake. Icho ndiye chinandidabwitsa.

Maphunziro ake ati ali mbali zitatu. Yoyamba ndi ya mabuku: Chingerezi, masamu, mapu a dziko, mbiri yakale, ndi sayansi m'chipinda chodzaza mabotolo, mmene moto umayaka popanda nkhuni. Zaka zinayi, kenako mayeso ochokera ku Mangalande m'bokosi lomata. Otuluka kumeneko amakhala aphunzitsi kapena othandiza madokotala. Apo Bakali anameza malovu, ndinamuona. Iye chimene amafuna chiyambire n'kukhala wa chipatala, chifukwa mlongo wake anafera m'bwato akupita naye kwa dokotala. Mbali yachiwiri ndi ya ukalaliki: makina olembera aja amagogoda ngati gogomole, ndi kasungidwe ka makalata a m'maofesi.

“Yachitatu ndi ya manja,” anatero aphunzitsi, akufulumira ngati mbali imeneyo ndi yopanda pake. “Ukalipentala, kumanga nyumba, kusula zitsulo, ndi makina a galimoto. Zaka zisanu. Ali ndi lole yeniyeni yotsala ku nkhondo, anyamata amaimasula yonse n'kuimanganso mpaka ilire.”

Achimwene anali atatsamira mzati, akusenda chinangwa. Mpeni unaima.

“Tabwerezani pamenepo, aphunzitsi.”

Anabwereza.

“Amaimasula ndi injini yomwe?”

“Alemba choncho.”

Muyenera kudziwa kuti achimwene lole ikaima pa jinale yopunthira thonje ku Balaka amaiwala kudya. Amagona pansi pake m'fumbi, mpaka dalaivala awathamangitse.

Aphunzitsi anamaliza ndi tsamba lachitatu. Ati Lachinayi kubwera woyendera sukulu wa boma kudzaona mnyamatayo ndi maso, ndi kudzatenga chidindo cha chala cha kholo pa pepala. Atapinda kalata, achimwene anaika chinangwa pansi.

“Ndipita ndine.”

Poyamba tinaseka. Amayi okha ndi amene sanaseke.

“Blasius,” anatero aphunzitsi, “iwe Chingerezi uli nacho chingati?”

“Injini silankhula Chingerezi.”

“Mayeso sunalembe.”

“Dzina linalemba. Dzinalo ndi la yani? Amayi, munandibatiza ndi dzina liti? Ine ndinasiya sukulu kuti nonsenu mudye. Mwalimuyu wadya chimanga cha khasu langa zaka zinayi, sindinadandaule. Lero mwatchula chinthu chimodzi chokha chimene mtima wanga umafuna, ndiye mukuti ndikhale pansi pa bwemba mpaka imvi?”

Bakali anatembenukira kwa iwo. “Achimwene, ine ndinawerenga mpaka maso kutupa.”

“Unawerenga utakhuta.”

Aphunzitsi anaimirira, napukuta thukuta, nanena motsitsa kuti nkhaniyi ikamveka ku boma malowo apita kwa mwana wa boma lina, ndipo iwo choko achisiya. Anandiyang'ananso ine pandekha.

“Martina, pakamwa.”

Ndinavomera. Ndinangouza Anastasia yekha, mnzanga wa kwaya, ndipo ndinamulumbiritsa. Pofika Lolemba madzulo nkhani inali itafika kale kumsika.

Lachiwiri masana Che Sabiti anatulukira, njinga ikulira ndi katundu, fumbi mpaka m'ndevu. Anali atamva theka la nkhani panjira ndipo nkhope yawo inali yowala. Anapereka moni, anasamba m'manja, amayi n'kuwafotokozera zonse. Kuwala kuja kunazima pang'onopang'ono.

“Zaka zinanso zinayi ali Blasius?” anafunsa.

“Si zinayi zokha, baba,” anatero Bakali atagwada. “Chitupa cha mayeso chidzatuluka m'dzina lomwelo. Ntchito idzakhalanso m'dzina lomwelo.”

“Mpaka liti?”



“Ife kunyanja bwato timabwereka,” anatero Che Sabiti. “Ukawoloka umabweza kwa mwini. Iwe ukufuna kumangamo nyumba. Tsiku lako likadzafika, ashehe adzaswalira yani? Blasius? Ine ndinakana madzi a pamutu kuti ndisataye mwana. Kani ndinamutaya ndi pensulo.”

“Ndidzakhala yemweyu, baba. Swala sindidzasiya.”

“Ine chala changa sindiika.”

Apa pakamwa panga panandithawanso. Ndinati, “Chala chanu sichikufunika, Che Sabiti. Akufuna cha amayi a Blasius.”

Amayi anandiponyera chikho. Koma mawu anali atatuluka. Che Sabiti anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya, n'kungoti, “Zoona, mwanangu. Zoona.” Anakankha njinga kupita kwa abale awo a kumzikiti wa ku Balaka, nsomba za amayi osatsitsa n'komwe.

Linafika Lachitatu. Achimwene anachapa jekete la abambo, n'kuliyanika pa mpanda pamene aliyense alione. Ndinawatsatira kuseri.

“Achimwene, akakakupatsani buku kumeneko mukatani?”

“Choka.”

“Mukachita manyazi.”

“Manyazi ndawadya kale. Kumsika akunditcha Blasius wa khasu. Winayo ati Blasius wa boma. Wafalitsa ndani?”

Ndinachoka.

Lachinayi dzuwa litangokwera, woyendera sukulu anafika pa njinga yamoto. Sanali Mzungu ayi, anali bambo wa kwathu konkuno, a Wadson, wa kabudula wa kaki, masokosi ofika m'mawondo ndi magalasi. Anawaikira tebulo pansi pa mtengo wa mango pabwalo la sukulu. Anthu anadzaza ngati kuli ukwati. Ena anabwera kudzaona njinga yamoto, koma ambiri anabwera chifukwa ankadziwa. Ine anandituma kukawapatsa madzi akumwa.

“Zikomo, mwana. Dzina lako?”

“Martina Namaona, bwana.”

“Namaona? Ndiwe mlongo wake wa katswiri wathu?”

“Inde, bwana.” Ndinafuna kuwonjezera zambiri, koma aphunzitsi a Elliam anatsokomola.

A Wadson anatsegula chikwama, anatulutsa pepala ndi kabokosi ka inki ya chala, n'kuitana mokweza.

“Blasius Namaona!”

Bakali anaimirira pa benchi ya Sitandade 6, malaya oyera, manja kumbuyo. Nthawi yomweyo kumbuyo kwa gulu kunamveka phokoso, anthu akupatuka. Achimwene anatulukira atavala jekete la abambo, lalifupi m'mikono, n'kudzaima pambali pa Bakali.

Bwalo lonse linati zii. Mwana wina analira, amake n'kumutseka ndi bere.

A Wadson anavula magalasi. “Ndaitana munthu mmodzi.”

“Ndine, bwana,” anatero Bakali.

“Ndine, bwana,” anatero achimwene.

“Aphunzitsi?”

A Elliam analoza Bakali. “Wophunzira wanga ndi uyu. Winayu, bwana, sindikudziwa chamugwira.”

A Wadson anaimirira, anazungulira tebulo. Anagwira dzanja la Bakali, analitembenuza, anaona inki pa chala chapakati. Anagwira la achimwene, anaona zikang'a ndi girisi m'zikhadabo. Anabwerera pampando pawo.

“Amene analemba mayeso ndamuona,” anatero. “Sindikufunika kuyesa munthu ndi buku. Iwe wa jekete, ngakhale utalumbira pa Baibulo, kusukulu imeneyi sungalowe. Malo amapita kwa wolemba mayeso. Wamva?”

Nkhope ya achimwene inagwa ngati khoma la dothi m'mvula. Iwo ankaganiza kuti boma limangoyang'ana dzina.

“Koma,” anapitiriza a Wadson, “ngati wolembayo analemba m'dzina la munthu wina, mayesowo ndi akufa. Ndiwang'amba pompano, ndipo aphunzitsi ndipita nawo ku Zomba. Ndiye funso langa ndi limodzi: mwini dzina ndani? Iwe wa jekete, ngati unangosokonezeka, bwerera ukakhale pansi, ndiiwala.”

Mtima wanga unkati, khalani pansi achimwene, khalani pansi. Njira anali atawatsegulira. Koma anthu onse a kumsika aja anali pomwepo, maso ali tong'o. Achimwene anawongola jekete.

“Kusukuluko ndisapite kaya. Koma dzina ndi langa, bwana. Sindingakane dzina langa pamaso pa anthu.”

“Mayi wa mwana ali kuti?”

Amayi anabwera akukwawa ndi mawondo, n'kukhala pakati pa awiriwo.

“Mayi, mwana wanu Blasius ndi uti?”

Amayi anayang'ana achimwene. Anayang'ana Bakali. Kenako anafunda nsalu kumutu n'kuyamba kulira mwakachetechete, mapewa okha akugwedezeka. A Wadson anadikira, anafunsanso kachiwiri, amayi osayankha.

“Akuluakulu amapangana,” anatero a Wadson. “Mwana wa madzi uja ali kuti? Martina!”

Sindikudziwa mmene ndinafikira patebulo. Ine amene ndimalankhula mpaka amayi kunditsekera kunja, lilime linauma gwa.

“Umapita ku katekisimu?”

“Inde, bwana.”

“Bodza ndi chiyani?”

“Ndi tchimo, bwana.”

“Chabwino. Loza mchimwene wako.”

Ndinawayang'ana onse awiri. Achimwene sanandiyang'ane mopempha ayi. Anangondiyang'ana monga amachitira masiku onse, ngati munthu wodziwa kuti mlongo wake sangaloze kwina. Ndi iwo anandibereka kumbuyo kuwoloka Rivirivi atadzaza, ndili ndi malungo. Bakali ndiye sanandiyang'ane n'komwe. Anatsinzina, milomo ikuyenda, akutchula Mulungu wake. Kumbuyo kwa gulu ndinaona kofia yoyera ya Che Sabiti. Sindinadziwe kuti iwo akufuna ndiloze uti. Ndikhulupirira kuti nawonso sankadziwa.

Ndikaloza achimwene, onse awiri atsala, aphunzitsi apita ku Zomba, ndipo zaka zinayi zija zathera m'fumbi. Ndikaloza winayo, mmodzi apita.

Ndinakweza dzanja. Ndinaloza Bakali.

Anthu anapuma onse pamodzi, “Hiii!”

“Uyu ndiye Blasius?”

“Inde, bwana.”

“Nanga wa jeketeyu ndani?”

Funso limenelo sindinalikonzekere. Ndikanangoti sindikumudziwa, kapena ndi msuweni, kapena chilichonse. Koma pakamwa panga pakayamba sipadikira mutu.

“Ameneyo ndi Bakali, bwana. Mwana wa Che Sabiti a ku Chiuta. Amagona kwathu.”

Wina kumbuyo anaseka, kenako n'kudzigwira. Achimwene anatsegula maso ngati ndawathira madzi otentha. A Wadson anayang'ana pakhosi pa achimwene, pamene mendulo ya Amayi Maria inkalendewera pa ulusi, poyera. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anandiyang'ananso ine. Kenako anavala magalasi, n'kukankhira kabokosi ka inki kutsogolo.

“Mayi, bweretsani chala. Iwe Bakali, zoseweretsa boma usadzayambirenso. Pita.”

Amayi anadinda akulira, chala chinaterereka mpaka chidindo chinatalika. Achimwene anavula jekete la abambo, analipinda bwinobwino, analiika pamiyendo ya amayi, n'kudutsa pakati pa anthu osatembenuka.

Patapita milungu itatu tinaperekeza Bakali ku siteshoni ya Balaka. Panali kalaliki wa sukuluyo ndi pepala la maina, akusonkhanitsa anyamata ochokera ku Zomba ndi ku Fort Johnston, aliyense ndi bokosi lake. Bakali anali atakwera kale, ali pawindo, kalalikiyo ataima pansi pa windo lomwelo. Ndipamene Che Sabiti anafika akuthamanga, phukusi la milamba m'manja.

“Bakali! Bakali, mwanangu!”

Bakali anamva. Ndinaona khosi lake likuuma. Kalaliki anakweza mutu, akuyang'ana uku ndi uku kuti akuitanidwa ndani. Bakali anayang'ana kutsogolo, kumsana wa mpando, osaphethira.

Che Sabiti anaitananso kamodzi, motsitsa. Kenako anaima, phukusi lili m'manja. Ndinalitenga ine, ndinalikweza pawindo.

“Achimwene a Blasius, nsomba zanu. Zachokera kwa bambo awa.”

“Uwathokoze bambowo,” anatero, misozi ikugwera pa phukusi. “Uwauze kuti ndamva.”

Sitima inalira, inanyamuka. Che Sabiti anakhala pansi pa simenti, anthu akuwalambalala.

Tsopano miyezi iwiri yatha. Kalata ya Bakali inabwera, ati ali mbali ya mabuku, chisanu chikumung'amba milomo, ndipo pa masamu ndi wachiwiri m'kalasi. Aphunzitsi a Elliam akadali ndi choko chawo. Achimwene anasamukira ku Balaka, amagona kuseri kwa shopu ya mmisiri wa njinga. Anyamata a kumsika akawaona amafuula, “Che Bakali, salamu aleikumu!” Anamenyapo awiri. Amayi akawatumizira ufa amalandira, koma akaona kuti wanyamula ndine amalowa m'shopu. Sabata yatha ndinaima pakhomopo mpaka dzuwa kupendeka. Ndinati, “Achimwene, ndine Martina.” Anayankha ali m'kati, osatuluka, “Martina mchimwene wake ali kusukulu.”

Kokalapa sindinapitebe. Ndikaulula kwa abambo mfumu, sukulu yathu ya mishoniyi ndi yawo, ndipo sindikudziwa kuti nkhaniyo ikathera pati. Ndiye ndalemba muno m'kope langa la Chinyanja, masamba a kumbuyo, poti pakamwa pokha pandipweteketsa kokwanira. Anastasia akuti ndinachita bwino. Amayi sanenapo kanthu mpaka lero.

Nanga inu, mukanaima patebulo paja, amayi anu akulira pansi, anthu awiri ali patsogolo panu, chala chanu mukanaloza uti?